Mlendo akagwira rimoti sitima n'kumagwa: ikani malire mu injini ndi pa njanji

Aliyense amene ali ndi tebulo la sitima zazing'ono kuno ku Johannesburg vutoli amalidziwa. Mukamayendetsa nokha mu galaja mkati mwa sabata, zonse zimayenda bwinobwino. Koma Lamlungu masana abale akangofika kuchokera ku tchalitchi, kapena mukanyamula tebulo kukalionetsa ku holo ya mpingo ku Rosettenville kaya ku Randburg, sipadutsa nthawi: injini yagwa pa kona, mabogi awombana, wina wadina batani losadziwika tebulo lonse lazima. Alendo ena akabwera, zomwezonso.

Eni matebulo ena amaima kumbuyo kwa mwana n'kumakuwa kuti "pang'onopang'ono, iwe!" mpaka mawu kusasa. Ena amangobisa rimoti n'kulengeza kuti sitima ndi zoonera ndi maso basi. Zobisa rimotizi zimandipweteka mtima, chifukwa mwana wokulira m'fulati ku Yeoville kapena ku Turffontein akaona injini ikumvera dzanja lake, chidwi chimamugwira pomwepo, ndipo ife tikufuna ana otere achuluke. Kukuwako nakonso sikuthandiza. Mankhwala sitiwasiya patebulo n'kumauza mwana kuti asakhudze, timawaika pamwamba pa kabati. Malire a sitima nawonso akhale pomwe dzanja la mlendo silifika, mkati mwa injini ndi pa njanji penipenipo. Za rimoti zimabwera pambuyo.

Zambiri zomwe ndilembe pano ndi za DCC, njira yolamulira sitima potumiza malamulo kudzera mu njanji, imene bungwe la NMRA la ku America linaikhazikitsa m'zaka za m'ma 1990 potengera luso la kampani ya Lenz ya ku Germany. Pa DCC njanji imakhala ndi magetsi nthawi zonse, 14 V mpaka 16 V pa sikelo ya HO, ndipo injini iliyonse ili ndi kadikoda kake komvera malamulo ochokera ku bokosi lalikulu lomwe timaliti command station. Khalidwe la injini limasungidwa m'manambala otchedwa ma CV. Musanasinthe CV iliyonse, ikani injini pa njanji yapadera yolembera, werengani nambala yomwe ilimo, n'kuilemba m'kope.

Sitima ikuthamanga mopitirira muyeso

Apa ndiye pamene ngozi zambiri zimayambira. Mlendo aliyense, kaya ndi mwana kaya ndi bambo wa ndevu zake, amapotokola rimoti mpaka kumapeto kuti aone zomwe zichitike. Musavutike kumuletsa, ingoonetsetsani kuti kumapetoko kulibe choopsa.

Yambani ndi kuyeza. Matani tizidutswa tiwiri ta tepi m'mbali mwa njanji yowongoka, totalikirana mita imodzi, ndipo yendetsani injini pa liwiro lake lonse mutagwira wotchi ya pafoni. Sikelo ya HO ndi 1:87. Injini ikadutsa mita imodziyo m'masekondi 2, ndiye kuti ili pafupi ndi liwiro la Gautrain la 160 km pa ola, chonsecho makona a matebulo athu ambiri ndi othina kwambiri, a R1, omwe rediyasi yake ndi 360 mm yokha. Masekondi 3 ndi pafupifupi 100 km pa ola, masekondi 5 ndi 60, masekondi 8 ndi 40. Kwa alendo ine ndimafuna masekondi 5 kapena 6. Amene muli ndi sikelo ya N, ya 1:160, dziwani kuti 60 km pa ola ndi masekondi pafupifupi 10.

Liwiro lapamwamba lili mu CV5. Pa madikoda ambiri imalandira nambala mpaka 255. Itsitseni ifike pa 120, yezaninso, kenako muzionjezera kapena kuchotsera 10 mpaka wotchi ikupatseni masekondi omwe mukufuna. Mukatero pitani ku CV6, ya liwiro la pakati, muiike pafupifupi theka la CV5. Ambiri amaiiwala imeneyi. Ikatsala yokwera kuposa CV5, sitima imachita zachilendo: imathamanga kwambiri chopotokola chili pakati, n'kumachepetsa liwiro chikafika kumapeto. Yotsala ndi CV2, mphamvu yonyamukira. Ikwezeni pang'onopang'ono mpaka injini izikwawa mukangokhudza chopotokola. Ikakhala yotsika, mlendo amapotokola, saona kanthu, amaganiza kuti yafa, ndiye amapotokola ndi mphamvu.

Ubwino wina wa CV5 ndi wakuti chopotokola chonse, kuyambira poyambira mpaka kumapeto, chimagawana liwiro lochepalo. Dzanja lonjenjemera la agogo kapena la mwana silipangitsanso sitima kudumpha. Poyesa komaliza mangirirani mabogi onse omwe mlendo adzakoke, ndipo muyesenso chobwerera, chifukwa mabogi okankhidwa amachoka pa njanji msanga kuposa okokedwa.

Mukasintha CV5 koma liwiro osasintha, choyamba yang'anani CV29. Nambala yake ndi chiphatikizo cha tinambala ting'onoting'ono: 1 yotembenuza kolowera, 2 ya masitepe a liwiro 28 kapena 128, 4 yolola kuyenda pa DC (magetsi a sitima zopanda dikoda), 8 ya RailCom (yolola dikoda kuyankha bokosi lalikulu), 16 ya tebulo la liwiro, 32 ya adiresi yaitali. Ngati 16 ili m'kati, dikoda ikutsatira manambala 28 a CV67 mpaka CV94, ndipo madikoda ambiri sayang'ananso CV5. Chotsani 16 ija. Madikoda ena otsika mtengo ndi ena akale alibe CV5 n'komwe. Pamenepo chitani zosemphana, yatsani 16 n'kutsitsa manambala 28 aja. Ntchito imeneyi pa rimoti ndi yotopetsa, koma pa DecoderPro, mbali ya pulogalamu yaulere ya pa kompyuta yolamulira sitima yotchedwa JMRI, mumangokoka mzere pa kompyuta. Chenjeraninso ndi 0 ndi 1: mwa malamulo a NMRA, manambala awiriwa mu CV5 amatanthauza kuti dikoda isaigwiritse ntchito, ndiye injini imapita ndi liwiro lonse. Palinso madikoda akale omwe CV5 yawo imathera pa 64, choncho kabuku ka dikoda kakhale pafupi.

Pa madikoda ambiri a ku Ulaya batani la F3 limadula liwiro ndi theka. Limathandiza alendo akabwera mwadzidzidzi, koma musalidalire, poti amene wagwira rimoti akhoza kulidinanso.

Kunyamuka modzidzimutsa, kuima mochedwa

Mabogi akamamasuka ponyamuka, kapena kuunjikana mlendo akatembenuza kolowera sitima ili pa liwiro, mankhwala ake ndi CV3 ndi CV4. CV3 ndi yonyamukira, CV4 ndi yoimira. Mwa kawerengedwe ka NMRA, 1 aliyense ndi pafupifupi masekondi 0.9 kuchokera poima kufika pa liwiro lonse, ngakhale makampani ena amawerenga mosiyanako.

CV3 musaiope, ikani 15 kapena 20. Mlendo angapotokole mwamphamvu bwanji, injini idzatenga masekondi ngati 13 mpaka 18 kuti ifike pamwamba. Pa CV4 ndiye pofunika kusamala, ndipo pamenepa ndimasiyana ndi anzanga okonda kuti sitima iziima ngati yeniyeni. Injini ya HO ili pa 60 km pa ola imayenda 19 cm pa sekondi. CV4 ikakhala 20, imadya njanji yoposa mita ndi theka isanaime, ndipo mlendo amene waona ngozi kutsogolo sangachitenso kanthu. Ikakhala 5, imaima pa mtunda wa 40 cm kapena kupitirirako pang'ono. Pamenepo ndiye pabwino.

Loweruka lina mtsikana wa zaka 7 anagwira rimoti ndi manja onse awiri, kalilime kali panja, maso ali pa siteshoni.

"Ankolo, ndiyambe kuimitsa pati?"

"Ukafika pa mlatho uja, mwanangu, uyambe kubweza."

Koyamba anapitirira siteshoni ndi bogi limodzi. Atazungulanso, injini inaima ndendende pa kabenchi kofiira, ndipo anathamanga kukakoka agogo ake dzanja kuti adzaone. CV4 ikanakhala 0 sipakanakhala choti aphunzire, ikanakhala 20 akanalephera mpaka kugwa ulesi.

F4 pa madikoda ambiri omwe aja a ku Ulaya imazimitsa CV3 ndi CV4 zonse ziwiri. Pa injini ya alendo ichotseni ntchito imeneyi pa batanilo. DecoderPro imathandizanso pamenepa.

Mlendo watenga sitima ya wina, kapena wasokoneza dikoda

Dikoda yatsopano iliyonse imabwera ndi adiresi 3. Mainjini awiri akatsala pa 3, rimoti imodzi imawayendetsa onse, ndiye mudzadabwa ina ikutuluka yokha mu shedi. Iliyonse ipatseni adiresi yake musanachite china chilichonse.

Kenako sankhani rimoti yoyenera kupereka. Rimoti yanu yaikulu, yomwe imalemba ma CV sitima ili pa njanji yoyendera, isachoke m'thumba mwanu. Mwana wodina mabatani mwachisawawa akhoza kufika pa menyu yolembera, ndipo pa makina ena kulemba ku adiresi 0 kumasintha madikoda onse omwe ali patebulo nthawi imodzi. Amene muli ndi Digitrax, karimoti ka UT4 sikalemba ma CV; adiresi imasankhidwa ndi tizopotokola tinayi, ndipo mukasankha mungotimata ndi tepi. Amene muli ndi Roco z21 kapena Z21, rimoti ya multiMAUS ili ndi loko wa ana m'menyu yake, wokhala ndi nambala yachinsinsi ya manambala anayi, wotseka menyu ndi zolembera. Satseka mabatani onse, koma zoopsa kwambiri amatseka. Chopotokola chake ndi chosavuta kufotokoza: pakati ndi poima, kumanja ndi kutsogolo, kumanzere ndi kumbuyo. M'ndandanda wa mainjini a mu rimotiyo siyanimo ya mlendo yokha.

Dikoda nayo ili ndi loko wake, CV15 ndi CV16. Imalola kulembedwa pokhapokha manambala a ma CV awiriwa akafanana. Pochokera ku fakitale onse ndi 0. Ikani 2 mu CV16 ndi kusiya CV15 pa 0, dikoda yatsekeka; mukafuna kulemba, ikani 2 mu CV15. Madikoda ena amafuna kuti lokoyu ayambe wayatsidwa pa CV ina, ndipo si onse ali naye. Nambalayo ilembeni m'kope lomwe lija.

Ambiri a ife timapereka foni yakale m'malo mwa rimoti, chifukwa marimoti ochokera kunja ndi okwera mtengo. Foni ndi yabwino bola itsekedwe. Pa Engine Driver, pulogalamu ya pa Android yolumikizana ndi JMRI, muli Maximum throttle percentage yoika malire a liwiro pa foniyo, komanso wotchi ya ana yomwe imaimitsa sitima nthawi ya mwana ikatha, zomwe zimathetsa mikangano ya "ndi nthawi yanga" pa mzere wa ana. Ku kompyuta, pa zosankha za WiThrottle, mbali ya JMRI yolumikiza mafoni, chotsani chilolezo chakuti mafoni azizimitsa magetsi a njanji ndi kutembenuza mapoyinti (mopatukira njanji), ndipo sankhani gulu la mainjini omwe aziwoneka pa foni. Mwana wochenjera akhozabe kulemba adiresi ndi dzanja, n'chifukwa chake ndinayamba ndi CV5. Pomaliza khomerani pulogalamuyo pa sikirini: pa Android ndi App pinning, pa iPhone ndi Guided Access. Mafoni a alendo eniakewo musawalowetse pa Wi-Fi ya tebulo.

Foni yaduka, sitima ikungopita

Anthu ambiri amaganiza kuti foni ikaduka sitima iima. Siima. Command station imapitiriza kubwereza lamulo lomaliza lomwe inalandira, ndipo dikoda imamverabe. Ena amathamangira ku CV11, yomwe imaimitsa injini ikasiya kumva malamulo, koma pa vuto ili sithandiza poti malamulowo akufikabe. Chothandiza chili mu WiThrottle momwemo: yatsani eStop n'kuika masekondi ochepa, kuti foni ikakhala chete JMRI iimitse sitima yake.

Kudukako nthawi zambiri kumachokera ku foni. Ikaona kuti Wi-Fi ya tebulo ilibe intaneti, imathawira ku data. Chotsanimo SIM, zimitsani chosunga batire, ndipo sikirini isamagone yokha. M'mafulati ndi m'maholo momwe muli ma Wi-Fi ambirimbiri, tebulo likhale ndi rauta yakeyake, yoikidwa pamwamba osati pansi pa tebulo pomwe miyendo ya anthu ikuitchinga. Pa 2.4 GHz yesani tchanelo 1, 6 kapena 11.

Magetsi abwera, injini yaliyatsa liwiro yokha

Ili timakumana nalo kawirikawiri kuno, chifukwa magetsi amatha kuthima ndi kubwera mwadzidzidzi, kaya ndi load shedding kaya ndi mvula ya mphezi ya pakati pa October ndi March. Pamene bokosi likudzuka, kapena likamabwezeretsa magetsi pambuyo pa shoti, dikoda imatha kuganiza kuti ili pa njanji ya DC n'kupereka mphamvu zonse ku mota. Nthawi imeneyo rimoti siimva, ndipo pa madikoda ambiri CV5 siiteteza. Chotsani 4 mu CV29. Ngati munali 6 mukhale 2, ngati 14 mukhale 10, ngati 38 mukhale 34. Chitani zimenezi pa injini iliyonse yomwe ili patebulo, ngakhale yongoima mu shedi.

Magetsi akathima, zimitsani swichi ya pakhoma musanayambe kucheza zina, ndipo mphezi zikayamba kung'anima zulani pulagi. Zipangizo zogula ku America muziwerenga kaye zolembedwa pa adaputa: kuno ndi 230 V, ndiye pakhale polembedwa 100 mpaka 240 V. Zingwe zonse za 230 V zikhale kuseri kwa thabwa, chifukwa ana aang'ono amakonda kukwawira pansi pa tebulo.

Shoti yozimitsa tebulo lonse

Tengani ndalama ya R5 muigoneke pa njanji zonse ziwiri. Bokosi liyenera kudula magetsi nthawi yomweyo. Yesani malo angapo, makamaka akutali ndi pomwe mawaya amalowera. Pamalo pomwe silikudula ndi poopsa: bokosi la 5 A pa 15 V likhoza kutulutsa 75 W, zokwanira kusungunula pulasitiki ya mawilo a injini yomwe yagwa. Chifukwa chake chimakhala mawaya opyapyala kapena kudalira timalumikizo ta njanji tokha. Yendetsani waya wokhuthala wa 1.5 mm² pansi pa tebulo, ndipo muzilumikiza ku njanji pa mita iliyonse.

Shoti zambiri za alendo zimachitika sitima ikalowa pa mapoyinti otembenukira kwina, kapena chibangili, wotchi ndi makiyi zikakhudza njanji pamene munthu akuloza kanthu. Ine ndimakonda kuti alendo akhale ndi njanji yawo yozungulira, ya kunja pomwe akuona bwino, mapoyinti ake atakhomedwa mbali imodzi. Ilekanitseni ndi njanji zina ndi timalumikizo tapulasitiki mbali zonse ziwiri, n'kuipatsa chodulira magetsi chakechake monga NCE EB1 kapena PSX. Shoti ya mlendo ikatero imathera kwa iye yekha. Ndalama zikavuta, babu la galimoto la 12 V 21 W loikidwa pa waya umodzi wopita ku njanjiyo limaletsa magetsi kupitirira pafupifupi 2 A, ndipo limayaka kukuuzani kuti pali shoti. Silidula magetsi, choncho chotsani msanga chomwe chagwa, komanso limatentha, ndiye likhale kutali ndi thabwa ndi zala.

Njanji yothera m'mphepete mwa tebulo ifunika chigawo chakufa. Dulani njanji imodzi pa mtunda woposa kutalika kwa injini, magetsi ake azidutsa pa batani lomwe inu nokha mumadina. Pali zinthu ziwiri zomwe zimachigonjetsa. Injini yokhala ndi stay-alive, kachipangizo kosunga magetsi pang'ono, imayendabe kamtunda popanda magetsi, ndiye chigawocho chitalikitseni. Ndipo sitima ikamabwerera chammbuyo, mabogi amafika kumapeto injini ikadali pa njanji yamoyo, choncho chotchinga cha kumapeto chikhale chokhomedwa ndi sikuluu, osati chongomata. Amene madikoda awo ndi a Lenz, ESU kapena Zimo akhoza kugwiritsa ntchito ABC, kagawo ka ma diode komwe kamauza injini kuti iime mofatsa, koyatsidwa pa CV27 (pa madikoda a Lenz ndi pa CV51). M'mphepete monse momwe njanji yayandikira, khomani Perspex wotalika 10 cm. Pansi pa galaja ndi simenti.

Batani la STOP lokha musalitseke. Muzilionetsa kwa mlendo aliyense musanamupatse rimoti, ndipo akalidina popanda chifukwa musamukalipire, kuti tsiku la ngozi yeniyeni asadzazengereze.

Amene mulibe DCC

Ambiri tinayambira pa sitima zakale za Lima zogula kwa anthu, monga Blue Train ija, zomwe zimayenda pa DC ya 12 V. Izi zilibe ma CV. Njira yosavuta ndi kumata kathabwa pa bokosi lolamulira kuti chopotokola chizigunda chisanafike kumapeto. Yodalirika kuposa pamenepo ndi ma diode a 3 A, a mtundu wa 1N5400, awiriawiri oyang'ana kosiyana, oikidwa pa waya umodzi wopita ku njanji. Awiri aliwonse amachotsa pafupifupi 0.7 V kaya sitima ikupita kutsogolo kaya kumbuyo, ndiye magulu atatu amachotsa 2 V. Abiseni pansi pa tebulo, n'kuika swichi yowalambalala mukamayendetsa nokha.

Kuyesa alendo asanafike

Kusintha ma CV nthawi iliyonse alendo akabwera n'kotopetsa, ndipo tsiku lina mudzaiwala. Patulani mainjini awiri a dizilo olimba, otenga magetsi ndi mawilo onse, akhale a alendo mpaka kalekale. Za nthunzi zokhala ndi tizitsulo tambiri m'mbali zikhale mu kabati tsiku limenelo. Ana osakwana zaka 3 asayandikire tebulo opanda wowagwira, chifukwa tizidole ta anthu ndi timaginito amatha kumeza. Oyambira zaka 3 apatseni sitima ya mabatire pamkeka, monga za Märklin my world.

Kutatsala ola limodzi, pukutani njanji, makamaka m'miyezi ya fumbi ya July ndi August, kenako tengani rimoti ya mlendo muichite zonse zomwe mwana angachite. Potokolani mpaka kumapeto sitima izungulire kangapo. Tembenuzani kolowera ili pa liwiro. Dinani mabatani onse. Zimitsani rauta muone ngati iima. Pomaliza zulani pulagi ya pakhoma n'kuibwezera mainjini onse ali pa njanji, dzanja lili pafupi ndi STOP. Injini iliyonse yomwe yasuntha yokha ichotseni patebulo mpaka mutawerenganso CV29 yake.